Makadamiya a amalume ku Ntchisi ndi a bere limodzi, kwawo ndi ku Gympie

Mwezi wathawu ndinapita kumudzi ku Ntchisi kukaona amalume, ndipo monga mwa nthawi zonse ndisanakhale nkomwe pansi anali atanditenga kale kuti tiye ukaone mitengo. Ali ndi mitengo ya makadamiya kuseri kwa nyumba kutsikira cha ku dambo, ina yakalekale ina yongoyamba kumene kubereka, ndipo amaikonda mitengo imeneyi kuposa mbuzi zawo, zoona. Tikuyenda choncho ndinaona kuti pa mtengo wina pakadali kachitsulo kakang'ono komangidwa ndi waya, kadzimbiri, koma nambala ikuwerengeka bwinobwino, 344. Mtengo wina cha kutsogolo 660. Ndinawafunsa kuti amalume manambalawa ndi a chani, iwo anangoti "amenewo ndi maina ake mphwanga, anabwera nawo choncho kuchokera ku nazale, alangizi anati tisachotse." Basi nkhani inathera pomwepo kwa iwo, koma ine manambala aja anandikhala m'mutu mpaka kubwerera ku tauni, ndiye ndinayamba kufufuza pa foni usiku, ndipo zomwe ndinapeza ndi zomwe zandipangitsa kulemba zonsezi.

Manambala aja si a ku Ntchisi, si a ku Bvumbwe, si a ku Malawi kuno nkomwe. Ndi a ku Hawaii, zilumba za dziko la America. Ndipo ku Hawaii nako si kwawo kwa mtengowu. Kwawo kwenikweni ndi ku Australia, m'nkhalango zowirira za mvula yambiri zomwe zili m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa dzikolo, kum'mwera kwa chigawo cha Queensland kutsika mpaka kumpoto kwa New South Wales. Ndi kadera kopapatiza ndithu, ndipo kunja kwa kadera kameneka palibe kwina kulikonse pa dziko lapansi komwe makadamiya amamera okha m'tchire. Eni nthaka a kumeneko, ma Aborigine, akhala akudya mtedzawu kwa zaka masauzande azungu asanafike, ndipo anali ndi maina awoawo malinga ndi chilankhulo cha dera, ena amati bauple, ena kindal kindal, ena gyndl. Dzina loti Macadamia linadza mu 1857 pomwe katswiri wa zomera Ferdinand von Mueller anautcha mtengowu dzina la mnzake John Macadam. Ndiye dzina lomwe tikulitchula ku Ntchisi ndi ku Thyolo ndi la munthu wa mu mzinda wa Melbourne ku Australia komweko, pomwe maina a eni ake ambiri sitiwadziwa.

Makadamiya alipo mitundu inayi. Iwiri ndi yomwe timadya, Macadamia integrifolia ndi Macadamia tetraphylla. Woyambawo masamba ake amatuluka atatuatatu pa mfundo, maluwa oyera ngati mkaka, chigoba chosalala. Wachiwiriwo masamba anayianayi a minga m'mbali, maluwa ofiirira, chigoba chokhakhala. Iwiri inayo, ternifolia ndi jansenii, mtedza wake ndi waung'ono komanso wowawa chifukwa uli ndi poizoni wa mtundu womwe umapezekanso mu chinangwa chowawa chija timayamba taviika kaye. Amalume ali ndi mtengo umodzi womwe maluwa ake ndi ofiirira ndipo masamba ongophuka kumene amakhala ofiira, mtedza wake sugwa wokha umakakamira mu mtengo mpaka akachite kuthyola, amenewo ndi aja amati Beaumont, omwe ndi mwana wa mitundu iwiri yodyedwa ija itakwatirana.

Tsopano nkhani ya ulendo wa ku Hawaii. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 munthu wina dzina lake William Purvis, yemwe ankayang'anira minda ya nzimbe, anatenga njere za makadamiya nkukadzala pa chilumba chachikulu cha Hawaii. Mu 1892 anthu ena apachibale, a Jordan, anabweretsanso njere zina mu mzinda wa Honolulu ku Hawaii komweko. Poyamba inali mitengo yokongoletsa ndi yotchinga mphepo basi, koma m'ma 1920 Ernest Van Tassel anayamba kudzala ngati bizinesi, kenako kuyambira m'ma 1930 akatswiri a malo ofufuza zaulimi a ku Hawaii anayamba kuyendera mitengo masauzande yomera kuchokera ku njere, mtengo ndi mtengo, kusankha yobereka kwambiri, ya mtedza waukulu wa mafuta ambiri, nkumaipatsa manambala. 246, 333, 344, 508, 660, 741, 800 ndi ena. Ina anaipatsanso maina a malo a konko, 246 ndi Keauhou, 344 ndi Kau, 660 ndi Keaau. Mitengo yosankhidwayi ndi yomwe inafalikira ku South Africa, ku Kenya, ku Guatemala, ku Brazil, ku China, kuno kwathu, mpaka inabwereranso ku Australia komwe kuli kwawo, alimi a kumeneko nkumadzala mbewu yochokera ku Hawaii pomwe azibale ake a mbewuyo ali m'nkhalango kuseri kwa munda.

Apa pali chinthu chomwe aliyense wodziwa kumezanitsa amachimva msanga. Makadamiya a bizinesi sadzalidwa kuchokera ku njere chabe, chifukwa mwana wa njere safanana ndi make, akhoza kutuluka wabwino akhoza kutuluka wachabechabe ndipo amachedwa kubereka. Ndiye ku nazale amafesa njere kuti apeze tsinde la pansi, kenako amadula kanthambi ka mtengo wodziwika uja nkulumikiza pamwamba, kumanga ndi pulasitiki mpaka zigwirane. Kutanthauza kuti 344 wa amalume, kuchokera pa chipsera cha kumezanitsa chija kupita m'mwamba, si mdzukulu wa 344 wa ku Hawaii ayi, ndi mtengo womwewo weniweniwo, thupi lomwelo lomwe lakhala likudulidwa nkulumikizidwa, kudulidwa nkulumikizidwa, kwa zaka zambirimbiri mpaka kufika pa phiri la ku Ntchisi. 344 yense wa pa dziko lapansi ndi mtengo umodzi. Ndinaima nkuganiza zimenezi kwa kanthawi ndithu.

Koma zomwe zinandidzidzimutsa kwambiri ndi kafukufuku yemwe anatuluka mu 2019, wotsogoleredwa ndi Catherine Nock wa ku Southern Cross University pamodzi ndi Craig Hardner wa ku University of Queensland ndi anzawo. Iwowa anatenga masamba a mitengo 64, ina ya m'nkhalango ina yolimidwa, nkuyeza DNA, chibadwa chija mwana amatengera kwa makolo, ya mu chloroplast. Chloroplast ndi tizinthu tobiriwira tija tili m'kati mwa tsamba tomwe timagwira dzuwa kupanga chakudya cha mtengo, ndipo tili ndi DNA yakeyake yapadera. Chosangalatsa nchakuti mu mitengo ngati makadamiya DNA imeneyi mwana amatengera kwa mayi okha, bambo, kapena kuti mungu wobwera ndi njuchi, salowetsapo kanthu pamenepo. Ife Achewa izi sizovuta kumva. Kwathu mtundu timawerengera kuchikazi, mwana ndi wa kwa mayi ake, ndipo tikati awa ndi a bere limodzi timatanthauza kuti ukatsata amayi awo, agogo awo aakazi, amayi a agogowo, ukafika pa mayi mmodzi. Akatswiri aja anachita chimodzimodzi, anatsata bere la makadamiya.

Zomwe anapeza ndi ziwiri. Choyamba, m'nkhalango muja mabere ndi ambiri, ndipo ndi osiyana kwambiri. Mitengo ya kumpoto cha ku tauni ya Gympie ili ndi mzere wake, ya kum'mwera kudutsa mzinda wa Brisbane ili ndi wake, ndipo kusiyana kwake ndi kwakuya kosonyeza kuti magulu amenewa anasiyana kalekale osasakanikirananso kuchikazi. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona ukagwira mtedza wa makadamiya m'manja. Ndi wolemera, wozungulira, chigoba chake cholimba moti ana a amalume amachita kuuika pa kabowo ka mwala nkuswa ndi mwala unzake, ukamenya molakwika umathawa nkukagwera uko. Njere yotere siuluka ndi mphepo, mbalame wamba siingainyamule kupita nayo kutali. Imagwa pansi pa make, mwina khoswe aikokere pang'ono, mwina madzi a mvula aitsetserekere ku mtsinje, basi. Ndiye chigwa chouma chikakhala pakati pa mapiri awiri, mbumba ya phiri ili imakhala payokha, ya phiri ilo payokha, kwa zaka masauzande, gulu lililonse likuzolowera nthaka yake, mvula yake, tizilombo take ndi matenda ake. Mungu umayendako pang'ono ndi njuchi, koma njere imakhala pakhomo ngati mwana wamkazi wa Chichewa yemwe sachoka pamudzi.

Chachiwiri ndiye chija chinandisowetsa tulo. Mitundu yambiri ya ku Hawaii ija, manambala onse aja timawaona ngati ndi osiyanasiyana, inapezeka kuti ili ndi chloroplast imodzi yofanana, ndipo chloroplast yomweyo anaipeza m'tchire pa malo awiri okha, ku Mooloo pafupi ndi tauni ya Gympie ndi ku phiri la Bauple, kumapeto kwenikweni kumpoto kwa dera lomwe integrifolia amamera. Gympie ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 170 kumpoto kwa Brisbane. Ndiye kuti mbewu yomwe inamanga bizinesi yonseyi inachokera pa kagulu kakang'ono ka mitengo, mwinanso pa mtengo umodzi wokha, munthu wina anatola njere pansi pake zaka zoposa 100 zapitazo nkuika m'thumba. Ndipo mitundu ya ku Hawaii imeneyi akuti ndi pafupifupi 70 pa mitengo 100 iliyonse yolimidwa pa dziko lonse. Tinene mwachilungamo, izi sizikutanthauza kuti 344 ndi 660 ndi mapasa, abambo awo akhoza kukhala osiyana ndipo amasiyanadi kakulidwe ndi kaberekedwe, amalume amadziwa zimenezi. Koma kuchikazi ndi a bere limodzi, ndipo chuma chonse cha mabere ena aja chinatsala m'nkhalango osagwiritsidwa ntchito.

Wina afunsa kuti nanga vuto ndi chani, si mitengo ikubereka, si ndalama zikubwera? Ine yankho langa ndi nthochi. Amene tinakula tikudya nthochi za ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay tikukumbuka momwe matenda a chisaka anasesera minda, anthu kuuzidwa kuti zulani zonse muotche, mpaka dziko lomwe linkataya nthochi pa msika kuyamba kugula za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Nthochi timadzala ana ake, munda wonse umakhala thupi limodzi, chomwe chapha phando limodzi chilibe chifukwa chosiyira linzake. Kunja nako zinachitikapo, m'ma 1950 matenda a Panama anathetsa nthochi ya Gros Michel yomwe inali yogulitsidwa kwambiri pa dziko lonse, makampani nkusamukira ku Cavendish. Tsono nthochi ukazula lero chaka chamawa wayambanso kudya. Makadamiya womezanitsa umadikira zaka zinayi kapena zisanu kuti uone mtedza woyamba, ndipo kuti ufike pobereka mokwanira ndi zaka khumi kapena kuposa. Munthu ngati amalume anadzala mitengo ija ngati penshoni yawo, ndi ya fizi ya zidzukulu. Kutabwera nthenda kapena kachilombo komwe bere la ku Gympie silingathe kulimbana nako, kapena kutentha kukapitirira kukwera momwe kukuchitiramu mvula nkumabwera mochedwa, sikuti angosintha mbewu ngati chimanga ayi.

Ndipo zikatero akatswiri opanga mbewu amathamangira kuti? Amabwerera kumudzi kwa mtengowo, kukafuna wachibale wa m'tchire yemwe amapirira chilala, kapena yemwe anunkhadala samuboola msanga, kapena wamfupi wosavuta kukolola, kapena wa chigoba chopyapyala, nkumukwatitsa ndi wolimidwayo. Ngakhale jansenii wowawa uja ali ndi ntchito, chifukwa amamera kumpoto kotentha kuposa anzake onse, ndipo amatha kukwatirana ndi mitundu yodyedwa. Nkhokwe ya mbewuyi ndi nkhalango imeneyo. Njere ya makadamiya siisungika zaka zambiri m'botolo ngati momwe amasungira chimanga cha makolo, mapira ndi nzama ku nkhokwe ya mbewu ya ku Chitedze, imafa msanga, ndiye njira yodalirika ndi kusunga mitengo yamoyo ili chiimire.

Apa ndi pomwe mtima umandiwawa, chifukwa nkhalango zimenezo zinatha kale mbali yaikulu. Azungu atafika anayamba ndi kudula mitengo ya matabwa, kenako kugwetsa zonse kuti apeze malo a ng'ombe za mkaka, nzimbe, nthochi ndi matauni. Kumpoto kwa New South Wales kunali nkhalango yotchedwa Big Scrub ya mahekitala pafupifupi 75,000, kwawo kwa tetraphylla, lero yatsala pafupifupi 1 pa 100, tizigamba tomwazikana uku ndi uku pakati pa minda. Makadamiya a m'tchire ambiri atsala m'timagulu ta mitengo yowerengeka, m'mbali mwa msewu, m'mphepete mwa kamtsinje, pa malo a munthu. Kagulu kakachepa choncho mitengo imayamba kukwatirana pachibale, ndipo makadamiya ndi mtengo womwe subereka bwino ndi mungu wake womwe, umafuna mlendo. Chinanso chomvetsa chisoni nchakuti minda ikuluikulu ya makadamiya ili pafupi ndi tizigamba timeneti, ndiye njuchi zimatenga mungu wa mitundu ya ku Hawaii ija nkukathira pa maluwa a mitengo ya m'tchire, ana obadwawo nkukhala osakanizika, pang'onopang'ono chibadwa cha m'tchire chikusungunuka. Mtengo womwe uli m'minda mamiliyoni pa dziko lonse, kwawo uli pa mndandanda wa zomera zomwe zili pa chiopsezo chakutha, ndipo mitundu yonse inayi ili pa mndandanda umenewu pansi pa malamulo a Australia.

Pali mtengo wina mu mzinda wa Brisbane, m'munda wa zomera wa pakati pa tauni, womwe anadzala Walter Hill mu 1858 ndipo ukadali moyo, ukuberekabe. Akatswiri aja atauyeza anapeza kuti chloroplast yake sinafanane ndi ya mtengo uliwonse wa m'tchire womwe anayeza. Ganizo lawo ndi lakuti nkhalango yomwe njere yake inachokera inagwetsedwa mzinda ukukula, mbumba yonse inapita, watsala iye yekha ngati nkhalamba yomwe mudzi wake unasanduka bwinja. Chifukwa cha zimenezi kumeneko anayambitsa ntchito yopempha anthu wamba kuti ngati kuseri kwa nyumba kapena pa famu yakale pali mtengo wa makadamiya wakalekale, atumize masamba akayezedwe, mwina mabere ena otayika akubisala m'mipanda ya anthu. Kulinso bungwe la Macadamia Conservation Trust lomwe ntchito yake ndi yomweyi, kuteteza makadamiya a m'tchire.

Za jansenii ndiye zimandikumbutsa mkungudza wa pa phiri la Mulanje, mtengo wathu womwe sumera kwina kulikonse ndipo tinautha ndi macheka ndi moto tikuona. Jansenii anadziwika kwa asayansi m'ma 1980 pomwe mlimi wa nzimbe wokonda zachilengedwe, Ray Jansen, anaupeza m'nkhalango ya Bulburin, ndipo dzina analembetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kwa zaka zambiri mitengo yodziwika inali yosafika 100, yonse m'kachigwa kamodzi. Kumapeto kwa 2019 moto woopsa uja unaotcha Australia unalowanso mu Bulburin, anthu ali mtima m'mwamba kuti mtundu wonse ukhoza kupsa sabata imodzi. Mwamwayi gulu lalikulu linapulumuka, komanso anali atayamba kale kudzala mphukira zake m'malo ena otetezedwa kuti zonse zisakhale mu dengu limodzi.

Ine sindine wasayansi, ndimangokonda mitengo komanso ndimakonda amalume anga, koma maganizo anga ndi akuti ife olima makadamiya kuno, kaya ndi ma esiteti a ku Thyolo, kaya alimi ang'onoang'ono a m'makopaletivi ku Ntchisi, Neno ndi Rumphi, nkhani ya nkhalango za ku Queensland ndi yathu ndithu ngakhale sitinapondeko. Tikamakamba za makadamiya timangokamba za mtengo wa pa kilo, za ma vendor, za akuba usiku, za mbande kudula, zonsezo ndi zoona ndipo zimapweteka, koma funso loti kodi mbewu yathuyi ili ndi achibale angati otsala silimveka nkomwe. Ndipo pali zina zomwe zili m'manja mwathu. Kusakaniza mitundu m'munda mmalo modzala nambala imodzi yokha kumathandiza kale pa zokolola chifukwa cha nkhani ya mungu ija, ndipo kusunga njuchi pafupi nkwabwino. Kusunga timanambala tija nakonso nkofunika, chifukwa chaka chomwe mtengo wina udzapirire pomwe anzake akufota, tidzafuna kudziwa kuti ndi uti. Mnzawo wina wa amalume anagula mbande kwa munthu wongodutsa pa njinga, zotchipa, zopanda chipsera cha kumezanitsa, wadikira zaka zisanu ndi ziwiri mitengo ina sinayambebe kubereka, ndipo palibe akudziwa kuti ndi mtundu wanji. Zoterezi zimachitika kwambiri. Komabe ngakhale mitengo ya njere yoteroyo ine sindinganene kuti idulidwe yonse, chifukwa 344 naye anayamba ngati mtengo wa njere womwe munthu wina anauyang'anitsitsa nkuona kuti uwu ndi wosiyana ndi anzake, ndipo mtengo womwe wakula bwino pa nthaka ya ku Ntchisi popanda kuthirira uli ndi zomwe ungatiuze.

Ndinawaimbira foni amalume Lamlungu kuwafotokozera zonsezi, netiweki ikuduladula monga mwa masiku onse. Ndinawauza kuti mitengo yanu ija 344 ndi 660 ndi a bere limodzi, agogo awo aakazi anali m'nkhalango ina ku Australia pafupi ndi tauni yotchedwa Gympie. Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti "nanga agogo akewo alipobe?" Ndinawauza kuti ku Mooloo mitengo ya bere limenelo ikadalipo m'tchire, ndi momwe akatswiri anadziwira. Anati chabwino, ndiye ukabwera pa Khirisimasi ubwere ndi penti ndi tizitsulo tatsopano, tija tayamba kufufutika, ndipo pali mtengo wina kumunsi ku dambo womwe unamera wokha pansi pa Beaumont, anafuna kuuzula chaka chatha koma ausiya kaye aone kuti ubereka zotani.